Khoma la Achemwali Aakulu

Hyerim anali atangoweramira amayi a kumsika pamene anaona achinyamata asanu ataima pakhomo la chipinda cha maliro, akukankhana kuti ayambe kulowa ndani. Onse anavala zakuda, koma zinkachita kuonekeratu kuti n'zobwereka. Manja a jekete la mnyamata wamtali ankalekeza pakati pa mkono, ndipo mtsikana amene anali patsogolo anali ndi tsitsi lobiriwira kunsonga.

"Asochera awa," mlongo wake Donguk anamunong'oneza. "Maliro a wachinyamata uja ali m'chipinda chachitatu."

Sanasochere. Anavula nsapato, n'kuyatsa lubani mmodzimmodzi patsogolo pa chithunzi cha mayi Pyo Gyeong-ae, kenako anagwada n'kugunditsa mphumi pansi kawiri. Anzake atadzuka, mtsikana wa tsitsi lobiriwira uja anatsalira pansi, mapewa akugwedezeka. Mnyamata wamtaliyo anachita kumudzutsa.

"Ndine Yeo Dasom," anatero mtsikanayo atatembenukira kwa anamfedwa. "Uyu ndi Taeo. Tonsefe timaphunzira ndi Achemwali Aakulu." Anadzigwira pakamwa. "Pepani, ndi amayi anu. Tinayamba ndi kuwaitana kuti amayi, koma anakana. Anati ana ali nawo kale awiri ndipo akuwakwanira."

Donguk anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso. Hyerim anangowerama monga mwa mwambo. "Zikomo pobwera. Khalani uko mudye."

Mayi Pyo anakhala zaka makumi atatu ndi zinayi m'kashopu kawo ka utelala pamsika waukulu wa mumzinda wa Daegu, akufupikitsa mathalauza ndi kusintha mazipi. Mwamuna wawo anamwalira ana adakali ku pulayimale, ndiye ndi makina osokerawo amene anaphunzitsa Hyerim unamwino ndi Donguk zowotcherera zitsulo. M'zaka zomalizira, kashopuko kanatchuka ndi achinyamata okonda kuvala ngati anthu a m'makatuni ndi m'masewera a pakompyuta. Powayeza, mayiwo ankafunsa kuti munthu amene akumutsanzirayo nkhani yake inatha bwanji, ndipo akamva ankadandaula. "Wafa chabe? Atavutika chonsecho? Analemba ndani zimenezo?" Tsiku lina kamtsikana kena kanayankha mwachipongwe kuti, "Ndiye lembani zanu, azakhali." Mayi Pyo anatseka shopu ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, analemba mayeso a sekondale amene anawasiya ali mtsikana, n'kulowa yunivesite kukaphunzira kulemba nkhani za makatuni ndi masewera a pakompyuta. Anagwa Lamlungu m'mawa akuthirira maluwa pakhonde, kutatsala miyezi iwiri kuti amalize.

Hyerim ananyamula mbale za msuzi wa ng'ombe wa tsabola kupita kumatebulo. Anapeza amayi a kumsika atawazungulira kale ophunzirawo.

"Ndiye ankakhozadi, kapena munkangowamvera chisoni?" anafunsa mayi wogulitsa mabulangete, akuthirira Taeo mowa.

"Chaka choyamba analephera maphunziro awiri," Taeo anayankha. "Ankalemba pakompyuta ndi chala chimodzi, ngati nkhuku ikutola mapira. Aphunzitsi akati munthu wa m'masewera alankhule mawu osapyola mizere iwiri, iwo ankalemba tsamba lathunthu."

"Ameneyo ndi Gyeong-ae weniweni! Ukamufunsa mtengo wa zipi, ankayambira nkhani pa nthawi ya nkhondo."

Anaseka onse mpaka wina anawakumbutsa kuti ali pamaliro.

"Koma chaka chachitatu aliyense ankawalimbirana," anatero Dasom. "Tikalemba mawu a munthu wokalamba, ankawerenga n'kunena kuti, iwe, unamvapo nkhalamba ikulankhula chonchi? Pita kumsika ukakhale tsiku limodzi, utseke pakamwa."

Hyerim anaika mbale yomaliza n'kutembenuka. Dasom anadzuka n'kumutsatira mpaka pakhomo la khitchini.

"Mayi, ndikhululukireni, ndikudziwa kuti si nthawi yake. Tikupanga masewera athu omalizira, ndipo nkhani yonse amalemba ndi iwowo. Mathero alipo atatu. Awiri anatipatsa, achitatu anati ali kunyumba. Aphunzitsi akufuna zonse Lachisanu sabata yamawa, apo ayi sitilowa nawo m'chionetsero, ndiye kuti tonse asanu..."

"Thupi la amayi anga silinatenthedwe n'komwe," Hyerim anamudula. "Inu mukundiuza za masewera?"

Dasom anawerama kwambiri. Anasiya kapepala ka nambala ya foni pa shelefu, ndipo Hyerim anakasiya pomwepo.

Anaika phulusa la amayi awo pambali pa la bambo awo pa tsiku lachitatu la maliro. Lachisanu m'mawa awiriwo anakumana kunyumba ya malemuwo, m'mwamba mwa nyumba yakale ya nsanjika zisanu yopanda chikepe. Donguk anayenera kubwerera ku Geoje, kumene amakonza sitima zapamadzi, pofika Lolemba, ndiye anali atapangana kale ndi anthu ochotsa katundu kuti abwere Loweruka.

Anayambira kukhitchini. M'firiji munali zibakuli zinayi za ndiwo, chilichonse chitalembedwa dzina la Bomi, mwana wa Hyerim wa zaka zisanu. Hyerim anaziika m'chikwama. Anapinda mabulangete, anamanga mapoto, ndipo dzuwa litafika pakhonde anatsegula chipinda chimene kale chinali chake.

Bedi munalibe. Munali tebulo, makina osokera, ndi khoma. Khoma lonse, kuchokera pansi mpaka pamene mkono wa munthu wamfupi ungafike atakwera pampando, linali lodzaza ndi timapepala todulidwa ku mapepala akhaki odulira zovala. Kapepala kalikonse kanabayidwa ndi pini, ndipo kuchokera pa pini iliyonse pankachoka ulusi kupita ku timapepala tina. Ulusi woyera unkayambira kumanzere, n'kugawikana kukhala wofiira, wachikasu ndi wabuluu.

Donguk anaimba mluzu. "Ndiye anali atapenga ndithu amayiwa."

"Bweretsa thumba la zinyalala."

"Achemwali, dikirani kaye."

"Udikire chiyani? Anthu ako aja akubwera mawa. Ukufuna azizule okha?"

Donguk anakanda kumutu. "Ndawaimbira ana aja. Ndinatola kapepala kaja. Akubwera cha m'ma leveni."

Hyerim anamuyang'ana nthawi yaitali. "Wawaimbira. Osandifunsa."

"Mukanakana."

"Eya, ndikanakana! Iwe n'chapafupi kukhala wachifundo. Unali ku Geoje, ukutumiza mabokosi a nsomba pa chikondwerero n'kumatchedwa mwana wabwino. Amene anasiya ntchito ndani?"

Nkhaniyo onse ankaidziwa, koma anali asanaikambepo maso ndi maso. Zaka ziwiri m'mbuyomo mwamuna wa Hyerim anasamutsidwira ku Seoul, ndipo ankabwera Loweruka lokha. Bomi anali ndi zaka zitatu. Pachipatala chachikulu pamene Hyerim anagwira zaka khumi ndi zinayi anali atamuuza kuti akhala mkulu wa anamwino m'wodi yake. Anapita kwa amayi ake kukawapempha kuti aimike sukulu chaka chimodzi chokha. Mayi Pyo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo, kenako anati, "Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndibwera. Lachiwiri ndi Lachinayi ndili ndi kalasi." Hyerim anachonderera, analira, anawakumbutsa kuti amayi a anzake onse amalera zidzukulu. Iwo anabwereza mawu omwewo. Hyerim anasiya chipatala chachikulu n'kukalowa kakiliniki ka m'dera lawo, kobaya jakisoni ana a chimfine. Kuchokera pamenepo ankalankhula ndi amayi ake mwaulemu wonse, monga mmene munthu amalankhulira ndi mwini nyumba.

"Anasankha tizidole ta pakompyuta," anatero tsopano. "Ine mwana wawo ndinagwada pansi apa, pakhomo pomwepa."

"Madzi akatayika saoleka, achemwali."

"Usandiphere mwambi iwe."

Donguk anakhala pansi, n'kutsamira chitseko. "Chabwino. Koma ndinene chimodzi. Ine munandipempha? Mkazi wanga ali pakhomo, ana athu ndi aakulu. Bomi akanatha kukhala kwathu miyezi ingapo. Simunaganizeko n'komwe. Inenso sindinadzipereke, ndinangoti zii, chifukwa tonse tinazolowera kuti chikavuta, amayi alipo. Ndi liti pamene anatikanizapo kanthu? Tchulani tsiku lina."

Hyerim anatsegula pakamwa, koma belu la pakhomo linalira.

Anabwera awiri okha, Dasom ndi Taeo, atanyamula bokosi la mapeyala. Anapuma wefuwefu chifukwa cha masitepe. Atalowa m'chipindamo anangoti kakasi.

"Ankatiuza kuti ali ndi khoma," Taeo ananong'ona. "Ife tinkayesa nthabwala."

Dasom anayandikira osakhudza kanthu. Anafotokozera Donguk kuti masewerawo ndi a mayi wina wogwira ntchito mu ofesi ya katundu wotayika pa siteshoni ya sitima. Anthu amabwera kudzafuna maambulera, zikwama, nsapato imodzi ya mwana, ndipo wosewera ndiye amasankha chimene mayiyo ayankhe. Yankho lililonse limatsegula njira yake. Ulusi wofiira ndi wachikasu anali nawo kale m'kompyuta. Wotsala unali wabuluu.

"Jambulani msanga muzipita," anatero Hyerim ali pakhomo.

Dasom anatulutsa foni, anajambula timapepala tiwiri, kenako anaima. Anayandikitsa nkhope, n'kuitana Taeo. Onse awiri anayang'anitsitsa.

"Sitikutha kuwerenga," anatero Dasom motsitsa mawu. "Kusukulu ankabweretsa zotayipa. Izi ndi zizindikiro zokhazokha."

Donguk anayesa, n'kupukusa mutu. "Ine ndinkathawa kushopu. Amene ankakhala kumeneko ndi awa."

Hyerim sanafune kuyang'ana, koma maso anapita okha. Zinali zilembo za m'buku la maoda, zimene anaziwerenga masana aliwonse akaweruka kusukulu, atakhala pa mpukutu wa nsalu. Kamzere kopingasa kankatanthauza kudula. Kabwalo kankatanthauza kuti kasitomala abweranso. Mawu ankalembedwa theka, ena molakwika monga ankalembera munthu amene anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zitatu kuti akalowe fakitale ya nsalu.

"Apa akuti, bambo wa ambulera abweranso," anatero mosafuna. "Apa akuti, dulani mawu awa, achuluka."

Taeo anali atatsegula kale kompyuta yake pa tebulo. Anamuyang'ana Hyerim ngati galu woona fupa, ndipo Dasom anamuponda phazi.

"Ndisanawerenge," anatero Hyerim, "ndiuze chinthu chimodzi, iwe mtsikana. Za ine ankanena chiyani?"

Dasom anayang'ana pansi. "Ankati ndinu namwino woposa madokotala."

"Usandinyengerere. Ukudziwa chimene ndikufunsa."

Mtsikanayo anadzutsa mutu. "Linali Lachiwiri, chaka chachiwiri. Anafika m'kalasi maso atatupa. Pa nkhomaliro anandiuza kuti alira m'basi njira yonse, ndipo pa siteji iliyonse ankafuna kutsika kuti abwerere kwa inu. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji simunatsike. Anati, ndikanatsika, sindikanakweranso. Ndikudzidziwa." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Sananene kuti analakwa, mayi. Sindikunamizani. Anangoti mwana wanga wandikwiyira, ndipo ali ndi chifukwa."

 Pansi pa nyumbayo galimoto yogulitsa mazira inkadutsa ikulengeza mtengo. Hyerim anaima mpaka mawu ake anazimiririka, kenako anakoka mpando umene amayi ake ankakwerapo, n'kukwera.

"Tiyambire pati?"

Anawerenga kwa maola atatu. Chala chake chinkatsata ulusi wabuluu, iye akutchula mawu, Taeo akutayipa, Dasom akulemba manambala pa timapepala. Pena ankakangana. Pa kapepala kena Hyerim anawerenga kuti "supuni" pamene Dasom ankaumirira kuti payenera kukhala "sutikesi", ndipo atafufuza m'njira yofiira anapeza kuti inalidi supuni, ya msilikali wokalamba amene ankaifuna chaka chilichonse. Donguk anaitanitsa zakudya kulesitilanti ya pansi, ndipo anadyera pansi, mbale zili pa nyuzipepala.

"Mawu awa ndi a mayi wa mabulangete uja," anatero Hyerim pa kapepala kena, n'kuseka mosayembekezera. "Ndi mmene amatukwanira mwamuna wake. Amayi amubera osasintha ngakhale liwu limodzi!"

"Ankati wolemba ndi wakuba wa makutu," Taeo anayankha. "Inunso mulimo. Namwino wa m'gawo lachiwiri, amene amakalipira aliyense kenako n'kuwagulira mkaka."

"Ine sindikalipira anthu."

Donguk anatsamwa ndi msuzi.

M'njira yabuluuyo, mayi wa mu ofesi uja amabweza katundu yense kwa eni ake, mmodzimmodzi, mpaka mashelefu atatsala opanda kanthu. Kenako amavula yunifomu, amakhoma chitseko, n'kupita pawindo la matikiti la siteshoni yomweyo imene wagwirapo ntchito moyo wake wonse osakwerapo sitima. Hyerim anatsika pampando, chifukwa ulusi unali utafika pansi, pakona. Anagwada n'kuwerenga kapepala komaliza.

"Wogulitsa matikiti akuti, mukupita kuti, mayi?" Anatembenuza kapepalako. "Basi. Yankho palibe."

"Palibe?" Taeo anasiya kutayipa. "Onani bwino. Mwina lagwa."

Anafufuza pansi pa tebulo ndi kuseri kwa makina, koma sanapeze kanthu. Pini yomaliza inali ndi ulusi wolendewera, wosadulidwa.

"Mayi," anatero Dasom, "inu mukuwadziwa kuposa ife. Akanayankha kuti chiyani?"

Hyerim anaganiza moona mtima. Anaganiza za nyanja, za mudzi wa kumapiri kumene amayi ake anabadwira, za Seoul. Palibe chimene chinamveka ngati chawo.

"Sindikudziwa," anatero. "Ndakhala mwana wawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, koma sindinawafunsepo kumene akufuna kupita." Anadzuka, n'kusasa maondo. "Inu mwakhala nawo m'kalasi zaka zinayi. Anakuphunzitsani kumvetsera, si choncho? Lembani nokha. Koma mizere iwiri yokha, musachite ngati iwo."

"Aphunzitsi akatilepheretsa tidzati ndi inu," anatero Taeo.

"Adzabwere kukiliniki, ndidzawabaya."

Dasom anaseka misozi ili m'masaya. Kenako anafunsa mwamantha ngati angatenge timapepalato kuti akatiike pa chionetsero, monga mmene tilili, ndi ulusi womwe. Hyerim anayang'ana mlongo wake.

"Aimbire anthu ako aja. Auze abwere sabata inayo."

"Ndiye ine Lolemba..."

"Upita kuntchito, n'kubweranso Loweruka. Ubwere ndi mkazi wako, adzatenge Bomi akakhale kwanu masiku angapo. Khoma ili silingazulidwe tsiku limodzi."

Donguk anatulutsa foni osatsutsa.

Ophunzirawo akuvala nsapato, Hyerim anatsegula kabati ya m'chipindamo kuti aone ngati muli mabokosi oikamo timapepala. Munalibe mabokosi. Munapachikidwa majekete asanu ndi limodzi, lililonse m'pulasitiki yake, ndipo pa kolala ya lililonse panabayidwa kapepala.

"Tabwerani kuno," anaitana.

Asanu anali akuda ndi otuwa, ogulidwa pa kaunjika koma okonzedwa mwaluso moti ankaoneka atsopano. Dasom anawerenga mayina: anali a iye ndi anzake anayi aja. Taeo anavala lake pomwepo, n'kutambasula mikono. Manja a jeketelo anafika bwinobwino mpaka m'zikhatho.

"Anandiyeza liti?" anafunsa Taeo. "Sanandiyezepo ine."

"Amayi sankafuna tepi," anatero Donguk. "Ankangokuyang'ana kamodzi."

Jekete lachisanu ndi chimodzi linali laling'ono, losokedwa kuchokera pa nsalu yatsopano, lofiira ngati tsabola wakupsa. Hyerim anali asanaonepo amayi ake atavala china kupatula zabulauni ndi zotuwa, mitundu yosaonetsa ulusi womatirira. Anachotsa pulasitiki n'kuwerenga kapepala ka pakolala. Apa sanalembe mwachidule. Analemba chilembo chilichonse mosamala: Pyo Gyeong-ae, wolemba nkhani.

Mabatani atatu anali atasokedwa. Batani lachinayi linali m'thumba, ndipo singano inali yobayidwa pamalo pake, ulusi uli kale m'diso. Hyerim anakhala pampando wa makina, anayala jeketelo pamiyendo, n'kuyamba kusoka.